Agogo akuswali atakhala pampando



Holide yapitayi ndinapeza agogo akuswali atakhala pampando. Mawondo akana. Munthu amene ankandibereka kumsana popita kumunda, lero sajda akungoichita poweramitsa mutu. Ndili chiimire pakhomo, ndinakumbuka zomwe tinaphunzira m'kalasi ya biochemistry.

Mu 1961 Leonard Hayflick anaona kuti maselo a munthu akawasunga mu labu amagawikana pafupifupi ka 50, kenako amaima. Chifukwa chimodzi chili kunsonga kwa ma chromosome, komwe kuli tizidutswa totchedwa telomere, tokhala ngati mfundo yomwe timamanga kunsonga kwa chingwe kuti chisamasuke. Selo likagawikana, telomere imafupikako pang'ono, ndipo ikafupika kwambiri selolo limasiya kugawikana. Pambali pa izi, mitochondria, timene timasandutsa nsima ndi mpweya kukhala mphamvu, timatulutsanso tinthu towononga DNA ndi mapuloteni. Thupi limakonza, koma silikonza zonse. Zotsalazo zimaunjikana chaka ndi chaka.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti malire amenewa amatitetezanso. Selo logawikana mosaima ndiye khansa ija, ndipo maselo ambiri a khansa amadzutsa telomerase kuti telomere isafupike. Loko yomwe ikutikalambitsa ndi yomweyo ikutsekera chotupa. George Williams anafotokoza mu 1957 kuti jini yothandiza paunyamata ikhoza kupweteka paukalamba, koma imapitabe kwa ana chifukwa munthu amabereka kuipa kwake kusanaoneke. Ndikudziwa, ena mukangomva zoti evolution mumakwinya nkhope. Ine apa ndikuona muyeso wa Allah (Subhanahu wa Ta'ala), osati ngozi.

Kumadrasa tinaloweza Surah Ar-Rum ayah 54, yomwe imayala moyo wathu m'magawo: kufooka, mphamvu, kenako kufookanso ndi imvi. Ndinkailakatula kuti ustadh asandikalipire basi, osadziwa kuti gawo lapakatilo ndi lomwe ndilimo panopa. M'Hadith ya kwa Abu Dawud, Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) anatilimbikitsa kufuna mankhwala a matenda, koma ukalamba anaupatula kuti ulibe mankhwala.

Ndiye taonani manyazi anga. Mawondo anga amapindika bwinobwino, koma Fajr alamu imalira katatu ndisanatukule mutu. Agogo amakhala atatawadha kale azana isanamveke, atakokera mpando wawo pamkeka.