Batala Wothera pa Wokondedwa

Aliyense wodziwa mtengo wa batala m'sitolo, ngati ali munthu woopa Mulungu ndi wosamala za pakhomo, sangalephere kudzifunsa ngati nkoyenera kutenga ufa watirigu, shuga ndi batala, zimene ndalama yake ikadagula ndiwo za masiku angapo, n'kuphikira wokondedwa wake mabisiketi amene sathetsa njala, amenenso amatha m'mbale tiyi asanazizire. Nsima ndi udindo, ndipo womana mnzake nsima amakaonekera kwa ankhoswe. Koma palibe nkhoswe inaitanidwapo usiku chifukwa wina sanaphikiridwe mabisiketi.

Dandaulo lotere si lachilendo. Pamene Mariya wa ku Betaniya anadzoza mapazi a Yesu ndi mafuta a nardo, Yudase anawerengera msanga kuti mafutawo akadagulitsidwa madinari 300, pafupifupi malipiro a chaka chathunthu a munthu waganyu; masamu ake anali olondola, koma Ambuye anaikira kumbuyo mkaziyo. Ine ndimaona kuti chikondi chimene chimalekeza pa zofunika zokha chikadali pa msinkhu wa chilamulo, ndipo chimayamba kufanana ndi chisomo pamene chipereka chimene palibe akadachilamula.

Tayang'anani ntchito yophika mabisiketiwa. Anthu a ku Scotland, eni ake a bisiketi yotchedwa shortbread, amatenga muyeso umodzi wa shuga, iwiri ya batala ndi itatu ya ufa, osathira dzira kapena madzi. Batala ayenera kufewa koma osasungunuka, ndipo amatakasidwa ndi shuga kufikira atayererako. Ufa ukalowa, dzanja liyenera kudziletsa, pakuti wokanya kwambiri, ngakhale akanye ndi mtima wabwino, amatulutsa mabisiketi olimba. Amene alibe uvuni namaphikira pambaula amachepetsa makala pansi, ena n'kuika pa chivundikiro, ndipo sachokapo, chifukwa batala sakhululukira wopita kukacheza. Mabisiketi a m'chitini ochokera ku Denmark angapose awa kukoma ndi maonekedwe (tisanamizane, nthawi zambiri amaposadi), koma ndalama yogulira chitini munthu adzaipezanso, pamene madzulo amene anathera pambaula sadzabwereranso, ndipo madzulowo ndiwo mphatso yeniyeni.

Akuluakulu anati kupatsa nkuika, ndipo pa za chinansi ananena zoona. Koma wophikira wokondedwa wake akuwerengera chimene adzabwezeredwe pa 14 February wayamba katapila, ngakhale atadula mabisiketiwo m'maonekedwe a mtima.

Komabe sindinganene kuti ntchito ya manja imayeretsa zonse, pakuti Malembo omwewo, pa 2 Samueli 13, amasimba za Tamara, mwana wa Davide, amene anakanya ufa naphika timikate pamaso pa mlongo wake Amnoni, wonamizira kudwala. Manja a wophikayo anali oyera, koma wolandirayo anakana kudya, popeza chimene ankafuna sichinali chakudya, ndipo atamchita choipa anamuda koposa umo anamkhumbira, nauza mnyamata wake amtulutse ndi kutseka chitseko. Wophika ali ndi ulamuliro pa ufa ndi pa moto, koma mbale ikachoka m'manja mwake, mlandu wotsala umakhala wa iye amene akuilandira.