Kodi Mfumu N'kuiseka M'buku la Ana?

M'maiko ena muli mabuku a ana amene amaphunzitsa mbiri yakale kudzera m'moyo wa atsogoleri, koma mwa nthabwala ndi zithunzi zoseketsa. Ku Britain, Terry Deary adayamba mu 1993 kutulutsa mabuku otchedwa Horrible Histories, momwe mafumu a dzikolo amaoneka zofooka zawo zonse zili poyera. Ku America, kuyambira mu 2014, Brad Meltzer wakhala akulemba timabuku ta anthu otchuka, ndipo m'kabuku kena Abraham Lincoln adajambulidwa ngati kamwana ka mutu waukulu, koma kali kale ndi ndevu ndi chipeŵa chachitali. Ana amaŵerenga mabuku otere popanda woŵakakamiza. Funso ndi ili: buku lotere litalembedwa m'Chicheŵa, lofotokoza za atsogoleri a m'Chigwa cha Shire, n'kuperekedwa kwa mwana wa ku Nchalo kapena ku Bangula, kodi lingamuphunzitse nzeru kapena lingamuphunzitse chipongwe?

Anthu okana ali ndi mfundo yolemera. Mwana wa m'chigwachi amakula akuona makolo ake akugwada ndi kuomba m'manja pamaso pa mfumu. Ulemu umenewu ndiwo umachititsa kuti mfumu ikagamula mlandu wa malire a munda anthu amvere popanda kutengerana zikwanje. M'mera mpoyamba, amatero akuluakulu. Mwana akazoloŵera kuona mfumu ili ndi mphuno yonga chigumu m'buku, ndani angamuletse kuseka mfumu yeniyeni pabwalo?

Komabe kuseka wamkulu si chinthu chachilendo chimene chidabwera ndi mabuku. Nthano za pamoto n'zodzaza ndi Njovu ndi Mkango, mafumu a m'nkhalango, akupusitsidwa ndi Kalulu, ndipo agogo amene amakamba nthanozo ndi omwewo amene amalangiza za ulemu. M'gule wamkulu muli Simoni wa nkhope yofiira, amene amatsanzira mzungu mpaka anthu kugwa ndi phwete. Amayi pamtondo amaimba nyimbo zojeda mwamuna waulesi ndi nyakwaŵa yokondera. Ngakhale pamaliro, adzukulu ali ndi ufulu wochita nthabwala pamene ena onse ali khuma. Makolo adaika malo ndi nthaŵi ya chiseko chifukwa adadziŵa kuti mutu ukakula suleŵa nkhonya, ndi kuti wamkulu amene sasekedwa konse amayamba kudziyesa mulungu. Choncho chofunika kusanthula ndi chakuti akusekedwayo ndani, akusekedwa pa chiyani, ndipo chisekocho chilekere pati. Mbiri ya Chikwawa ndi Nsanje ili ndi zitsanzo zokwanira zoyesera mafunso ameneŵa.

Chitsanzo chosavuta ndi cha David Livingstone. Mu Januwale 1859 iye adakwera mtsinje wa Shire pa sitima yaing'ono yotchedwa Ma Robert. Sitimayi idali yomvetsa chisoni. Inkadya nkhuni zambirimbiri kotero kuti anthu ankataya nthaŵi yaitali akudula mitengo m'malo moyenda, inkaloŵa madzi, ndipo inkapuma mobanika mpaka eni ake adaipatsa dzina loinena kuti ili ndi mphumu. Itafika pafupi ndi mathithi a Kapichira ulendo udathera pomwepo, chifukwa sitima siikwera mathanthwe. Wojambula waluso angaike pa tsamba limodzi sitima ikutsokomola utsi, mzungu akutuluka thukuta, ndi anthu a kwa Tengani ali pagombe ndi mauta awo, akudabwa kuti chinthu chaphokoso chotere chikufuna chiyani pamtsinje wawo. Tsamba lotsatira lingaonetse mwezi wa Seputembala chaka chomwecho, Livingstone akulemba m'buku mwake kuti waona nyanja, asodzi ali pambali pake kusoka maukonde monga ankachitira makolo awo kuyambira kalekale.

Mwana amene waseka pa masamba aŵiriŵa waphunzira chinthu chimene ana ambiri oloŵeza pamtima sadachimve. Kwa zaka zambiri ophunzira ankayankha pamayeso kuti Livingstone ndiye adatulukira nyanja ya Malaŵi, napatsidwa chongi. Chithunzi cha asodzi aja chimafunsa mwakachetechete kuti munthu angatulukire bwanji nyanja imene ena akuŵedzamo kale. Chimaonetsanso kuti mlendoyo sakadayenda popanda nkhuni, chakudya, olondolera njira ndi chilolezo cha eni dziko. Apa nthabwala yagwira ntchito ya mphunzitsi, ndipo palibe amene wachimwiridwa. Livingstone adadana ndi malonda a akapolo moona mtima, ndipo kuseka sitima yake sikufafaniza zimenezo.

Nkhani imayamba kuvuta pofika kwa Magololo. Anthuŵa adachokera kutali, kumtunda kwa Zambezi, kwa mfumu Sekeletu, ngati amtengatenga ndi opalasa bwato a Livingstone. Mu 1856 iye adaŵasiya ku Tete kuti amudikire, ndipo atabwerako ena mwa iwo adafika naye ku Shire n'kukhazikika kwa Chibisa, pafupi ndi pomwe pali boma la Chikwawa. Patapita zaka zoŵerengeka, anthu amene adafika atasenza katundu wa mzungu adali atakhala mafumu: Kasisi, Chipatula, Maseya, Katunga, Mlauli. Ena mwa maina ameneŵa ndi maufumu aakulu ku Chikwawa mpaka lero. Kwa wolemba buku loseketsa, nkhani yotere ndi ndiwo yonona. Tsamba loyamba munthu ali ndi mtolo pamutu. Tsamba lachisanu munthu yemweyo wakhala pampando, ena akumusenzera mitolo.

Koma pakati pa masamba aŵiriwo pali zimene zidachitika. Mu 1862 ndi 1863 m'chigwachi mudagwa chilala ndi njala yoopsa, pa nthaŵi imene ogwira akapolo adali kusakaza midzi. Mitembo inkayandama pa Shire. Magololo adakwera chifukwa adali ndi mfuti pamene Amang'anja adali atafooka ndi njala, ndipo adathyola mphamvu za mafumu akale monga Lundu ndi Tengani. Mbali ina, adasonkhanitsa othaŵa nkhondo m'midzi yotchingidwa naŵateteza kwa ogula anthu, ndipo mu 1889 anthu a Mlauli adalimbana ndi gulu lankhondo la Apwitikizi lotsogozedwa ndi Serpa Pinto, mkangano umene udathandiza kuti dera lino likhale m'manja mwa Angerezi osati Apwitikizi. Mbali inanso, Chipatula adatchuka ndi nkhanza pa anthu amene ankaŵalamulira. Iye adaphedwa mu 1884 ndi mzungu wamalonda George Fenwick pa mkangano wa malonda a minyanga, ndipo Fenwick nayenso adaphedwa ndi anthu a Chipatula.

Tsono wojambula achite naye bwanji Chipatula? Vuto la chithunzi choseketsa ndi lakuti chimachititsa munthu kukondeka. Aliyense wojambulidwa ndi mimba yozungulira ndi maso otuzuka amasanduka bwenzi la mwana, ngakhale adali wakupha. Shuga wa ku Nchalo amathandiza mwana kumeza kwinini, koma shuga yemweyo angabise poizoni. Buku limene limaseketsa ana ndi ulendo wa Chipatula wochoka pa umtengatenga kufika pa ufumu, osanenapo kanthu za amene adapondedwa panjira, lanena bodza ngakhale chiganizo chilichonse m'menemo chili choona. Wolemba woona mtima ayenera kulimba mtima n'kuika tsamba limodzi losaseketsa konse, la mudzi wopanda utsi ndi nkhokwe zopanda kanthu, kuti mwana amene wakhala akuseka aime kaye ndi kufunsa kuti anthu apita kuti. Ana satha mantha ndi choona monga akuluakulu amaganizira. Nthano zimene amamva kwa agogo zili ndi afiti, njala ndi imfa.

Palinso china chofunika kusamala. M'kalasi imodzi ya ku Chikwawa mungakhale mdzukulu wa Magololo, wa Amang'anja ndi wa Asena, onse pa benchi limodzi, mwina akuŵerengera buku limodzi. Nthabwala ikachoka pa zochita za mtsogoleri n'kugwera pa mtundu wake, kalankhulidwe kake kapena khungu lake, imatuluka m'buku n'kukafika pabwalo la zamaseŵero, ndipo amene amalira ndi mwana wosalakwa. Asena ambiri akudziŵa kuŵaŵa kwa chiseko chotere, chifukwa ena mwa iwo akafika m'tauni ankabisa chiyankhulo chawo poopa kunyozedwa. Chiseko cha Kalulu chimakwera, kuchoka kwa wamng'ono kupita kwa wamphamvu. Chikamatsika kuchoka kwa wamphamvu kupita kwa wofooka chimatchedwa dzina lina, ndilo mnyozo.

Mtsogoleri wosavuta kujambula kuposa onse ndi Dr Hastings Kamuzu Banda: chipeŵa chakuda, magalasi akuda, suti ya zidutswa zitatu ngakhale pa dzuŵa la Okutobala ku Nsanje, litchoŵa m'manja, ndi womasulira pambali, popeza ankalankhula kwa anthu ake m'Chingerezi. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi angamuzindikire pa mizere inayi yokha. Komatu pa nthaŵi ya ulamuliro wake palibe amene akadayerekeza kujambula mizereyo. Lamulo loona za mabuku ndi zisudzo lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mlakatuli Jack Mapanje adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ana a nthaŵi imeneyo adaphunzira za mtsogoleri wawo mwa nyimbo zotamanda zokhazokha. Ankadziŵa tsiku limene adabwerera kumudzi, 6 Julaye 1958, koma sankaloledwa kufunsa funso lililonse. Dziko lidayesa kale kulera ana osaseka mtsogoleri, ndipo chimene chidakula mwa iwo ndi mantha amene ankaoneka ngati ulemu.

Izi sizikutanthauza kuti buku la litchoŵa ndi magalasi lokha n'lokwanira. Anthu a m'chigwa ali ndi zawo zokumbukira. David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa, adaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983 pamodzi ndi nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndipo boma lidalengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje, amene adali mmodzi wa nduna zamphamvu, adamangidwa mu 1980 n'kutuluka mu 1993. Buku losandutsa Kamuzu gogo woseketsa wa litchoŵa, osatchula ameneŵa, lingagwire ntchito yomweyo imene nyimbo zotamanda zinkagwira, kusiyana kwake n'kwakuti mwana angameze bodzalo akumwetulira. Ndipo buku longomunyoza, loiŵala kuti adatsogolera dziko kuthetsa chitaganya ndi kulandira ufulu mu 1964, lingakhalenso lopereŵera. Adani a Kamuzu ndi omukonda onse ali ndi zidzukulu m'kalasi, ndipo onsewo buku liyenera kuŵauza zoona.

Mtsogoleri wina wa m'chigwachi ndi wosiyana ndi onse atchulidwaŵa. Mbona, woitana mvula wa Amang'anja, sali m'mbiri yakale yokha. Kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndipo alipo anthu amene amapereka nsembe kumeneko. Nkhani yake, monga amaikambira akuluakulu, ili ndi malo amene angaseketse mwana. Adani ake atamupeza adayesa kumupha ndi zida zachitsulo koma zidakanika, mpaka iye mwini adachita kuŵauza chinthu chofooka cha kutchire chimene chikadatha kumucheka. Amuna amphamvu atanyamula mikondo, akulephera pamaso pa munthu mmodzi wopanda chida, ndi chithunzi chimene wojambula aliyense angachilakelake. Koma oseketsa pamenepo ndi akuphawo. Mbona mwini, mwazi wake umene amati udasanduka mtsinje, ndi mutu wake umene amati udaikidwa ku Khulubvi, ndi zinthu zopatulika kwa anthu amoyo, monga momwe Mkhristu kapena Msilamu ali ndi zake zimene sangalole kuti zijambulidwe mwachibwana.

Apa ufulu wa wolemba uli ndi malire amene Terry Deary sadakumane nawo polemba za mafumu a ku England amene palibe woŵapembedza. Wofuna kuika Mbona m'buku la ana sangakhale pa desiki ku Blantyre n'kumupatsa nkhope imene waganiza yekha. Ayenera kutsika mapiri a Thyolo kapena a Chikwawa, kudutsa Ngabu ndi Bangula, kukafika kwa osunga kachisi, kuvula nsapato ndi kukhala pansi. Mwina angamulole kujambula adani aja ndi mikondo yawo yopindika, mitambo ya mvula ndi nkhalango ya Khulubvi. Mwinanso angamuuze kuti nkhope ya Mbona isaoneke pa tsamba lililonse, ndipo bukulo lidzatuluka lili ndi mtsogoleri amene ana adzangomuona kumsana, atafunda nsalu yakuda.