Ngwazi ndi chigawenga: cholembera chili m'manja mwa yani?

Loweruka lina ndili pa mzere m'kashedi ka ometa ku Biwi, panabuka mkangano umene unatalika kuposa kumetako. Anyamata awiri ankalimbana kuti wamphamvu ndani pakati pa Batman ndi Black Panther. Mkulu wina waimvi, amene ankadikira kuti amupale ndevu, anawadula pakamwa nati: "Ana inu simunaone kanthu. Mwamuna anali Spear." Anyamata aja anangoyang'anana, dzinalo osalidziwa. Ine ndinaseka chamumtima, pakuti Spear ndinamudziwa ndisanayambe n'komwe kuwerenga Chingerezi.

Amalume anga ndiwo anabwera naye kuchokera ku Joni, m'sutikesi yachitsulo, pansi pa mabulangete. Magazini ake ankatchedwa African Film, ndipo ankatulutsidwa ndi eni ake a Drum kuyambira 1968 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Sizinali zojambula pamanja ayi, zinali zithunzi za anthu enieni, mawu awo ali m'timabaluni pamwamba pa mitu. Lance Spearman anali munthu wakuda ngati ife, wofufuza milandu, wasuti ndi chipewa, ndudu ili pakamwa, chibakera chake chosaphonya. Mdani wake wamkulu anali Rabon Zollo. Pamene timabukuto tinkafika m'manja mwathu ku Kawale n'kuti titakalamba kale, koma tinkabwerekanabe mpaka masamba anathothoka.

Madzulo tikamasewera kuseri kwa nyumba, aliyense ankafuna kukhala Spear. Nanga Zollo akhale ndani? Udindo umenewu tinkapatsa mwana wamng'ono pa gulu, kapena wachilendo amene makolo ake angosamukira kumene m'dera lathu. Iye sankasankha. Ife akuluakulu tinkangoti, "Iwe ndiwe Zollo," basi mlandu watha, ndipo zibakera zimene ankalandira zinali zenizeni. Akalira tinkamuuza kuti asalire poti ndi masewera, komanso poti chigawenga chimayenera kumenyedwa.

Funso langa lero lachokera pamenepo. Tikamakangana kuti ngwazi yoposa zonse ndi iti, timaiwala kufunsa kuti anaisankhira mdani ndani. Ngwazi ya m'komiki simenya amene yafuna. Imamenya amene wojambula wamuika m'kabokosi, ndipo amene ali kunja kwa kabokosiko siimuona, ngakhale atakhala kuti ndiye mwini zoipa zonse.

Taonani za Mighty Man. Ameneyu anatulukira ku South Africa mu 1975, chaka chomwe Lilongwe anakhala likulu la dziko lino. Anali ngwazi yakuda, yamphamvu zodabwitsa ngati Superman, yomwe kale inali wapolisi. Ntchito yake inali kuthana ndi matsotsi, ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ndi mbava za m'malokeshoni onga Soweto, uku akulangiza ana kuti azimvera malamulo. Kodi pali choipa pamenepo? Poyang'ana mwachangu palibe. Koma munthu wamphamvu chonchi sanafunsepo kuti n'chifukwa chiyani anthu akuda okha ndiwo ankayenda ndi mapasi, kapena kuti anawaunjika m'malokeshonimo ndani. Sakanafunsa, chifukwa ndalama zosindikizira komikiyo zinkachokera mwachinsinsi ku nthambi yofalitsa nkhani ya boma latsankho. Ana a sukulu a ku Soweto ataukira pa 16 June 1976 n'kuomberedwa ndi apolisi, Mighty Man analibe chonena, ndipo pofika 1977 anazimirira. Chinyengo cha nthambi ija chinaululika mu 1978, nduna Connie Mulder n'kutula pansi udindo.

Matsotsi amene Mighty Man ankamenya anali oipadi, sindikukana. Bodza la komikiyo silinali pa zimene inajambula koma pa zimene inasiya. Ngakhale Spear wanga wokondedwayo, ndikamukumbukira lero, ndimaona kuti ankathamangitsa achifwamba okhaokha, ndale osazikhudza, pamene anthu omwe ankamuwerenga ku migodi ankagona m'makomponi ngati akaidi.

Ife Amalawi sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, pakuti mawu akuti ngwazi tinakhala nawo m'kamwa zaka 30. Ngwazi inali imodzi, ndipo zigawenga tinkachita kuuzidwa mayina: Kanyama Chiume, Masauko Chipembere, Orton Chirwa. Ana a sukulu tinkadana nawo anthuwa tisanaonepo ngakhale chithunzi chawo. Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, chaka chomwe Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege kuno ku Lilongwe. Lero msewu waukulu wa ku Blantyre ukutchedwa dzina la Chipembere. John Chilembwe, yemwe atsamunda anamusaka ngati chilombo mu 1915, nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo pa 15 January sitipita ku ntchito pomukumbukira. Anthuwa sanasinthe ali m'manda. Chinasintha ndi dzanja logwira cholembera.

Apa wina anganene kuti, "Ndiye kuti palibe woipa weniweni eti? Aliyense ndi ngwazi kwa ake?" Ayi, sindikunena zimenezo, ndipo mboni yanga ndi chigawenga chimene ndimachikonda kuposa zonse, Magneto. Stan Lee ndi Jack Kirby atamulenga mu 1963 anali woipa wamba, wofuna kulamulira dziko. Pambuyo pake mlembi Chris Claremont anamupatsa mbiri: mwana wachiyuda yemwe abale ake anaphedwa ndi a Nazi, iye n'kupulumuka ku Auschwitz. Atakula n'kuona kuti anthu obadwa ndi mphamvu zachilendo ngati iye ayamba kusakidwa, analumbira kuti zimene anaona ali mwana sizidzachitikanso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo Magneto anamvadi m'mimba. Ukamawerenga umamumvetsa, mwina umamuchemerera kumene. Komabe akafika poti anthu wamba onse ndi adani oyenera kuponderezedwa, amasanduka chinthu chomwe chija chinapha amayi ake. Kuzunzidwa kwake ndi koona, kulakwa kwakenso ndi koona, ndipo komiki yabwino imakukakamiza kusenza zonse ziwiri. Ubwino wa Magneto ndi wakuti sakulola kuti udane naye mwaulesi.

Kudana mwaulesi ndiko kwatipweteka m'matauni muno. Aliyense wokhala ku Chinsapo, ku Mgona kapena ku Area 23 amaudziwa mfuu uja wakuti "Wakuba! Wakuba!" ndi zimene zimatsatira. Ine ndinaonapo ndi maso anga pa msika wina mnyamata atazingidwa, akumuganizira kuti waba foni. Anthu amene anafika mochedwa, osadziwa n'komwe kuti yabedwa ndi foni kapena nkhuku, ndiwo ankaponya miyala ikuluikulu. Wina anali atayamba kale kufunsa za tayala ndi petulo. Pa nkhope zawo panalibe manyazi, panali chimwemwe cha munthu amene wapatsidwa mpata wokhala Spear. Ine sindinaponye mwala, komanso sindinatsegule pakamwa. Anamupulumutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato, yemwe anamugwira mkono n'kumakuwa kuti, "Mumuphe ndili pompano, mundiphere limodzi! Kupolisi kulibe njira kodi?" Anthu anachita kakasi, mpaka ena anamuthandiza kumutengera kupolisi.

Mwina mnyamatayo anabadi, ndipo mayi amene waberedwa mpamba wake wa geni ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma taganizani. Mu 2013 zinaululika kuti mabiliyoni a makwacha anasololedwa ku Capital Hill, mtunda woti munthu wa ku Kawale angathe kuyenda wapansi. Ndalamazo zinali za mankhwala m'zipatala ndi mabuku m'sukulu. Ena mwa okhudzidwa anazengedwa milandu m'khoti, ali ndi maloya awo, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Nanga bwanji wa foni yekha ndiye timamuweruza ndi tayala? Yankho ndi lakuti iye amafanana ndi chigawenga chimene tinajambuliridwa m'mutu: wosasamba, wothothoka nsapato, wopanda womuyankhulira. Wasutiyo amafanana ndi Spear. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, pakuti tsiku lina mwana wako adzathamangira minibasi pa nthawi yolakwika, wina n'kukuwa.

N'chifukwa chake mukandifunsa ngwazi imene sitiilemekeza mokwanira, sinditchula wovala chigoba kumaso. Nditchula Sara, mtsikana uja wa m'makomiki amene bungwe la UNICEF linafalitsa m'zaka za m'ma 1990 m'maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Anyamata ankamunyoza kuti ndi wa mabungwe, sauluka, samenya, amangoyenda ndi kanyani kake Zingo. Koma taonani adani ake. M'nkhani ina ndi wachibale wamkulu pakhomo amene akuti mtsikana asiye sukulu poti ndalama zachepa. M'nkhani ina ndi bambo wa golosale, womwetulira bwino, amene akufuna kumuthandiza fizi kuti amulipire ndi thupi. Amenewa si achilendo a zipsera kumaso. Ndi anthu amene timadya nawo, timawapatsa moni mwaulemu, ena timakhala nawo pa benchi imodzi Lamulungu. Wojambula Sara anakulitsa kabokosi mpaka tinalowamo ife eni, ndipo mwina n'chifukwa chake sitinamukonde. Zida zake ndi kufunsa, kukana ndi kuulula, zomwe mwana aliyense wa ku Area 25 angazikwanitse, zomwenso mayi wa tomato uja anagwiritsa ntchito ine nditangoti duu.

Sindikuti titaye Batman kapena tiotche Black Panther. Ana aziwerenga, azikangana pa ometa, ndi kukoma kwa ubwana kumeneko. Koma mwana akakuonetsani ngwazi yake, mufunseni mafunso awiri: kodi imamenya yani, nanga ndani amene siimukhudza? Akazolowera kufunsa zimenezi pa komiki, adzafunsanso pa msonkhano wa ndale, pa wailesi, ndi pa msika pamene khamu latola miyala.

Mwana uja tinkamupatsa u-Zollo ku Kawale ndinakumana naye chaka chatha pa maliro, ndi bambo wa ana anayi tsopano. Nditamukumbutsa za masewera aja ndikuseka, iye sanaseke. Anangoti, "Achimwene, inu mumati masewera. Ine ndinkapita kunyumba ndi magazi." Ndinapepesa, patatha zaka zoposa 40.