Chilango cha Msuweni pa Chovala Chosalongosoka

Mwa malangizo onse amene makolo athu ankapatsa ana awo, a kavalidwe ndiwo anali ndi chilango chopepuka koposa, pakuti iwo ankadziwa kuti wophonya pa chovala sanabe mbuzi ya mwini, ndipo sayenera kuimikidwa pabwalo la mfumu. Namwali ali m'tsimba, anamkungwi ankamlangiza kuti chitenje chiziphimba mawondo pamaso pa apongozi, ndi kuti mpango usachoke kumutu pamaliro. Mnyamata naye ankauzidwa kuti chipewa amavula pofika kwa akulu. Koma wina akaiwala, mlanduwo sunkapita kwa atate kapena kwa atsibweni, amene liwu lawo n'lolemera. Unkagwera m'manja mwa msuweni, mlamu kapena agogo, anthu amene mwambo unawaninkha ufulu wa nthabwala.

Taonani mnyamata watulukira pachinkhoswe atavala malaya chotembenuza, msoko uli kunja, mabatani atasemphana. Msuweni wake wamkazi amamgwira dzanja, nagwada mwaulemu wonse, nati: "Amuna anga, mwandichititsa manyazi pakati pa alendo, lero nkhuku yoyera ituluke, apo ayi muvine pompano mpaka fumbi likwere." Nkhukuyo palibe amaiyembekeza. Mnyamata amavinako pang'ono, kapena kuponya kandalama m'mbale, anthu nafa nazo nseko, mwiniwake nasekanso, kenaka nazembera kuseri kwa nkhokwe kukakonza malaya ake. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kutsina kotere kunkakumbukika zaka zambiri popanda kusiya bala.

Zimene zinadza pambuyo pake n'zamtundu wina. M'chaka cha 1973 boma la Dr. Banda linaika lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo nkhani imene inkathera pakhonde inasanduka ya apolisi ndi khoti. Lamulolo linafafanizidwa pobwera matipate. Komabe mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre anavula akazi poyera, nadzitama kuti akutchinjiriza chikhalidwe. Ichi chimandiwawa mumtima kufikira lero, pakuti chikhalidwe chimene ankachitchulacho sichinapatsepo munthu wapanjira mphamvu pa thupi la mwana wa mwini. Ndipo monga Semu ndi Yafeti anayenda chambuyo kukafunditsa atate wawo Nowa, momwemonso mayi wa kumudzi, akaona kuti mtsikana wavala mosayenera, amamuitanira pambali, namasula chitenje chake chapamwamba, namumangirira m'chiuno, malangizo n'kumadza pambuyo ali awiri.