Mulungu Anawapatsa Achimwene Mpata Womvedwa

Ndine mayi wa ku Fingoè m'boma la Maravia ku Mozambique, ndipo ndabwera kudzachitira umboni chifundo cha Mulungu pa banja lathu.

Nkhondo itavuta kuno, achimwene anga anathawira ku Malawi n'kukalowa ntchito pa esiteti ya fodya. Tsiku lina pamowa panabuka ndewu, munthu n'kumwalira, ndipo khoti linawapeza achimwene olakwa. Nthawi imeneyo mlandu wakupha unali ndi chilango chimodzi chokha, kunyongedwa. Woweruza analibe mphamvu yoganizira chimene chinayambitsa ndewu kapena khalidwe la wolakwayo. Anakawatsekera kundende ya Zomba.

Ife zinatizunguza mutu, poti kuno ku Mozambique chilango cha imfa chinatha mu 1990. Amayi ankangoiyang'ana nsima mpaka kuzizira, ndipo anatisiya osamuonanso mwana wawo. Anthu ena ankati tingolira maliro, tiiwale. Usiku ndinkagwada pamphasa, pemphero osatuluka, misozi yokhayokha. Ndinkalirira achimwene, ndinkaliriranso ana a munthu anamwalira pandewu uja, chifukwa magazi anakhetsedwadi.

Koma Mulungu sagona. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, bwalo lalikulu la milandu la ku Malawi linagamula kuti chilango chokakamiza chotere chikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, poti munthu ayenera kumvedwa asanalangidwe. Mu 2010, pa mlandu wa Yasini, bwalo la apilo la Supreme Court linati onse amene analandira chilango chimenechi ali ndi ufulu woti chiunikidwenso. Pofika 2015 milandu inayamba kumvedwanso ku Zomba, mabungwe a Malawi Human Rights Commission ndi Legal Aid Bureau akuthandizapo. Ine wosaphunzira sindikanadziwa khomo logogodapo. Ambuye ndiwo anagogoda.

Uthenga unatipeza woti loya akufuna mbiri ya achimwene. A nyakwawa analemba kalata yonena kuti mudzi ndi wokonzeka kuwalandira. Ndinagulitsa mbuzi, kalata ija n'kuimanga pansonga ya chitenje, ulendo wa ku Zomba. M'khoti ndinaona achimwene ali ndi imvi, manja akunjenjemera. Loya anafotokoza kuti anathawa nkhondo akadali mnyamata, kuti sanapalamulepo m'mbuyomo, ndiponso kuti kundende ankatsogolera mapemphero. Mbali ya boma nayo inalankhula za ululu wa banja la malemu. Woweruza anamvetsera zonse, nachotsa chilango cha imfa n'kupereka zaka, ndipo zimene achimwene anakhala kale kundende zinakwanira.

Lero achimwene amalima chimanga kuno kumudzi, ndipo Lamulungu amaimba kwaya. Sindikunena kuti analibe tchimo, koma Mulungu anawachitira chifundo kudzera m'malamulo. Dzina lake lilemekezeke!

Abale anga, chilango cha imfa chikadalipo m'malamulo a Malawi, ngakhale palibe wanyongedwa chiyambire 1992. Tiziwapempherera oweruza, maloya ndi mabanja ofedwa. Ngati m'bale wanu ali kundende, musamutaye. Kafunseni za apilo, ndipo musaleke kupemphera.