Kodi Kudzipulumutsa N'kulakwa?

Mlamu wanga anali manijala wa sitolo ina yaikulu mu mzinda wa Mzuzu. Mwezi wina, ataŵerenga katundu, kunapezeka kuti mabelo a shuga ndi zigubu za mafuta ophikira sizikukwanira. Pasanathe sabata analandira kalata yomuimitsa ntchito kufikira tsiku loti akadziyankhire pamaso pa akuluakulu ake. Anapereka makiyi nabwerera kunyumba ku Chiputula dzuŵa lili paliwombo, anansi akusuzumira pazenera.

Lamulo silinamuiŵale munthu wotere. Lamulo la ntchito la mu 2000, pa gawo 56, limalola wolemba ntchito kuchenjeza wantchito ndi kalata, kumuimitsa kapena kumutsitsa paudindo; koma gawo 57 limaletsa kumuchotsa asanapatsidwe mpata wodziteteza. Wosakhutira angathe kukadandaula ku khoti la milandu ya ntchito, lomwe linakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko lino. Izi n'zabwino, makamaka kwa ife amene tikumbukira kuti 1994 isanafike munthu ankatsekeredwa ku Mikuyu zaka zambiri osauzidwa mlandu wake.

Komatu chimene chinamusoŵetsa tulo mlamu wangayu sichinali m'buku la malamulo. Iye ankakayikira mayi wina wosunga chipinda cha katundu, wamasiye wa ana atatu. Umboni analibe. Anzake anamuuza kuti, "Achimwene, mutchuleni mayiyo, apo ayi ana anu agona ndi njala."

Tisafulumire kuwanyoza anzakewo. Bambo ali ndi udindo kwa ana ake, ndipo kubisa zimene ukudziŵa kungakhale kuthandiza mbala. Ngati mayiyo anabadi, kukhala chete kwa manijala kukanalanga osalakwa, kuphatikizapo mwini wake.

Koma kudziŵa ndi kukayikira ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Mau a manijala amalemera kuposa a wantchito wamba. Iye akati "ndikuganiza", akuluakulu amamva "ndinaona". Tsono mlamu wanga akanatchula dzina popanda umboni, akanamchitira mayiyo chinthu chomwecho chimene iye anali kulira nacho: kuweruzidwa ndi mphekesera asanamvedwe. Kodi ufulu wodziteteza ungakhale wa manijala yekha? Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe; kwa iye chinali chitafika kale.

Palinso china. Wosunga makiyi amalandira malipiro okulirapo chifukwa chakuti amasenza mlandu wa zonse zochitika m'sitolo. Sungadye zonona za udindo nthaŵi ya mtendere, zinthu zikavuta n'kutula katunduyo pamutu pa wofooka.

Tsiku la mlandu ananena zimene ankadziŵa zokha: amene anali ndi makiyi, masiku amene katundu analoŵa, ndiponso kuti kwa miyezi iŵiri iye mwini sanaŵerenge katundu monga mwa lamulo la sitoloyo. Dzina la mayi uja analitchula pamodzi ndi onse ogwira makiyi, osaonjezapo kanthu. Anamutsitsa paudindo, malipiro nachepa, ndipo mwana wake wamkulu anachoka kusukulu yolipira.

Mchemwali wanga mpaka lero amati mwamuna wake anagula mbiri yabwino ndi fizi ya mwana. Sindimutsutsa msanga, pakuti sindine amene ndinauza mwanayo kuti asinthe sukulu. Komabe ndikhulupirira kuti mlamu wanga anachita bwino, ngakhale zitadzadziŵika kuti mayi uja anabadi. Patsikulo iye sankadziŵa, ndipo munthu amaweruzidwa ndi zimene ankadziŵa pamene ankalankhula.