Za Eriyo Yaitali ndi Yaifupi, ndi za Malire a Khutu la Munthu

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochoka pa boma la Thyolo, kudzera pa Makwasa kufupi ndi mishoni ya Malamulo, kutsikira ku Thekerani ndi ku midzi ya Gogo Chalo Nsabwe, adziwa kuti dziko limeneli Namalenga sanalisalaze konse, pakuti ukatsiriza chitunda chimodzi upeza china chikukudikira, ndipo pakati pa ziwirizo pamakhala chigwa chakuya mmene ngakhale foni ya m'manja imangoti zii. Chifukwa cha ichi eni minda ya tiyi pamodzi ndi a zipatala, kuyambira kale mafoni asanafale, akhala akuika mawailesi olankhulirana m'magalimoto ao, kuti kapitawo ali kumunda adziwitse a ku fakitale kuti masamba achuluka pa sikelo ndipo lole ifulumire asanayambe kupsa, kapena kuti namwino aitanitse ambulansi pakati pa usiku mayi akavutika pochira. Koma wailesi yotere ilibe phindu popanda eriyo, kawaya kaja kamene kamaima pa denga la galimoto. Ndipo posankha kawaya kameneka pabisala funso limene ine ndiyesa kuti liyenera abusa ndi akulu a mpingo monga momwe liyenerera amakaniko.

Mafunde a wailesi, amene Heinrich Hertz anawaonetsa poyera ku Karlsruhe m'zaka za 1887 ndi 1888, ali ndi utali wao, ndipo eriyo imadulidwa molingana ndi utaliwo. Pa mawailesi a m'magalimoto a mtundu wotchedwa VHF, pafupi ndi 150 MHz, funde limodzi litalika mamita 2; tsono eriyo yaifupi, imene ili gawo limodzi mwa magawo anayi a funde, ingokwana masentimita 50, pamene yaitali, ya magawo 5 mwa magawo 8, iposa mita ndithu, nikhala ndi waya wopiringizika m'tsinde mwake. Wogulitsa adzakutambasulirani yaitaliyo monyadira, nadzakulozerani pa katoni pamene palembedwa 3 dB, ndiko kunena kuti mawu anu adzamveka ndi mphamvu pafupifupi kawiri. Ndipo sanama ayi, koma sananene zonse.

Eriyo ilibe batire m'mimba mwake, ndipo silenga kanthu. Ngati wailesi itulutsa mawati 25, ndi omwewo amene eriyo ilandira, yaitali kapena yaifupi, ndipo ntchito yake ndi kugawa basi. Tengani mtanda wa nsima, muukanikize ndi chikhato pa mbale: udzatambalala kufikira m'mphepete, koma msinkhu wake udzatha, ndipo nsimayo siinaonjezeke ndi mbamu imodzi yomwe. Momwemo eriyo yaitali ilanda mphamvu imene ikadakwera m'mwamba, niikankhira cham'mbali kumene thambo likumana ndi dziko. Pa chigwa cha Shire, ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo kapena pa msewu wa ku Bangula, kumeneko ndi kupindula kwenikweni, popeza wom'funayo ali patali pa dziko losalala. Koma m'dziko la mapiri ngati kwa Nsabwe makina olandira ndi kubwereza mawu amaikidwa pamwamba pa phiri, ndipo galimoto ili pansi m'khwawa, kotero kuti mawu ayenera kukwera. Komanso lole ikapendekeka pa chitunda, mphamvu yophwatalala ija ipendekeka nayo, mbali ina nilasa dothi, ina nipita ku mitambo kumene kulibe womvera. Sindinenanso za nthambi za bulugamu zimene zimakwapula eriyo yaitali kufikira itathyokera m'tsinde. Kachifupi konyozeka kaja, kamene sikalonjeza zambiri, ndiko kamene kamayankhidwa m'dziko la mapiri, pokhapokha kakhale pakati pa denga lachitsulo, poti denga ndilo theka lina la eriyoyo, ndipo kalikokha n'kanyama.

Pali lamulo lina limene akatswiri a magetsi amalitchula ndi dzina la Hendrik Lorentz wa ku Holland, ndipo ndilo landichititsa kulemba mawu ano. Lamulolo liti eriyo imamva monga momwe ilankhulira: kumene itumiza mawu mwamphamvu ndi komwenso imva bwino, ndipo kumene yaleka kutumiza ndi komwenso yagontha. Palibe mmisiri pansi pano amene angakusulireni eriyo yofuula kutali koma yotchera khutu pafupi. Chifukwa chake wosankha eriyo, ngakhale ayesa kuti akusankha amene adzamumva, akusankhanso amene iye sadzawamva.

Tsono funso ndi ili: kodi mwana wa munthu, amene masiku ake ndi owerengeka ndi mtima wake ndi umodzi, angathe kufika kutali osataya apafupi? Ife tizolowera kuyamika munthu amene dzina lake lamveka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndi mlaliki amene zimkuzamawu zake zigwedeza midzi itatu usiku wonse, ndipo timati Chauta anamuonjezera mphamvu. Koma kawirikawiri sanaonjezeredwe kanthu, anangophwatalalitsa muyeso womwewo umene tonse tinalandira, ndipo ukafunsa mkazi wake kapena mlonda wa pa chipata chake udzamva kuti mawu ao analeka kalekale kufika m'khutu mwake. Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo lija la Msamariya, potsika msewu wa mapiri wa ku Yeriko, sindikhulupirira kuti anali anthu ouma mtima kuposa ife. Maso ao anali pa zinthu zazikulu ndi zakutali, ndipo kubuula kwa munthu wogona m'mbali mwa njira kunadza kuchokera ku mbali imene iwo anali atagontha kale. Msamariya analibe mbiri yoti ifike kutali, ndipo anamva.

Koma ndisafulumire kuweruza, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, nakafika ku nyanja, ndipo mfuu yake yotsutsa malonda a akapolo inamveka kufikira ku Britain, kotero kuti mishoni za ku Blantyre ndi ku Livingstonia zinadza m'mapazi mwake, ndi masukulu ndi zipatala zimene makolo athu anapindula nazo. Ameneyu ndiye munthu wa eriyo yaitali ngati analipo wina. Nanga apafupi ake? Mkazi wake Mary, atakhala zaka zambiri kutali ndi mwamuna wake, anamwalira ndi malungo ku Shupanga m'chaka cha 1862, patangopita miyezi yowerengeka atamutsatira; mwana wake woyamba, Robert, amene anakula osawadziwa bwino atate wake, anafera ku America m'chaka cha 1864, m'nkhondo ya eni ake, atadzitcha dzina lina. Ndani mwa ife, amene tinadya zipatso za maulendo amenewo, angaimirire ndi kunena kuti munthuyo akadangokhala pakhomo? Ine sindingathe. Chimene ndikana ndi bodza lokhalo lakuti kufika kutali kumadza kwaulere, monga ngati mtengo wake sunalipidwe ndi wina aliyense. Unalipidwa ndithu, ndipo anaulipira ndi anthu amene sanafunsidwe.

Alipo ena amene adzati fanizo langa lifika ndi pa pemphero pomwe, kuti munthu ayenera kudziika pamalo oyenera ndi kudula mawu ake pa muyeso wake kuti Wam'mwambamwamba amumve. Apa ndiwaletsa, pakuti fanizo lililonse lili ndi pothera pake. Mphambe sali makina a pa phiri amene amaphonya mawu galimoto ikapendekeka. Yona anamveka ali m'mimba mwa chinsomba pansi pa nyanja, kumene palibe funde la wailesi ya galimoto lingatulukeko, ndipo Hana anamveka milomo ikungogwedera popanda liwu, wansembe Eli nayesa kuti waledzera. Mphambe yekha ndiye amva wakutali osagonthera wapafupi, ndipo pamenepa ndi pamene Mlengi asiyana ndi cholengedwa. Cholakwa chathu chachikulu ndi kufuna kufanana naye pa chinthu chimenechi: mbusa wa mipingo isanu ndi iwiri amene alonjeza kukhala tate wa nkhosa iliyonse, phungu amene alumbira kuti adzamva kulira kwa mudzi uliwonse ali ku Nyumba ya Malamulo, onsewa alonjeza chimene thupi ndi mwazi sizingathe, ndipo ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kwa ife a dziko la zitunda, amene moyo wathu suyenda pa malo osalala kawirikawiri, koma lero maliro, mawa chiperoni, mkuja mlatho wakokoloka monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, ndiyesa kuti muyeso waufupi ndiwo utiyenera masiku ambiri, ndi kuti oitanidwa kufika kutali ndi owerengeka kuposa amene adziyesa oitanidwa. Amakaniko odziwa ntchito yao amalangiza mwini galimoto imene imayenda konsekonse, lero ku Thekerani mawa ku Nchalo, kuti aboole denga kamodzi, aike tsinde limodzi lamazinga, asunge eriyo ziwiri kuseri kwa mpando, ndipo pofika pamene mapiri athera aime pambali, amasule ina namange inzake. Ntchitoyo siitenga mphindi ziwiri, ndipo imafuna sipanala yaing'ono yokha. Koma dalaivala amene akuthamangira nthawi saima kawirikawiri, ndipo eriyo imene inamangidwa tsiku logula wailesi ndi yomweyo imene imachita dzimbiri pa dengapo kufikira galimoto itagulitsidwa.